Mafunso ndi mayankho pa nkhani ya ChatGPT, Meta AI ndi kubera ku koleji

Kuchokera pa 30 November 2022, tsiku lomwe kampani ya OpenAI ya ku San Francisco inatulutsa ChatGPT, pulogalamu ya AI yomwe imayankha mafunso ndi kulemba zomwe mwaipempha, nkhani ya ma asayinimenti ku koleji inasinthiratu. Kuno kwathu zinadzakula mu April 2024 pomwe a Meta anaika Meta AI mu WhatsApp ndi Facebook, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anali m'gulu la maiko oyambirira kuilandira kunja kwa America. Nde pano olo munthu alibe laputopu, bola kafoni ndi kabandulo, ali ndi chomulembera m'thumba. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe ana asukulu amafunsana kuhositelo ndi m'magulu a kalasi, limodzi ndi la ma lecturer. Ndineneretu kuti mawu omaliza ndi a sukulu yanu ndi a lecturer a kosi imeneyo, nde zomwe zalembedwa pa course outline muziwerenge kaye.

Kodi kugwiritsa ntchito ChatGPT pa asayinimenti ndi kubera?

Zimatengera mwapanga nayo chani. Kungoitsegula si mlandu ayi. Koma mukatenga funso la a lecturer, kuliponya mu ChatGPT, zomwe yatulutsazo kuzimata pa Word, pamwamba dzina lanu ndi reg number, kumeneko nde kubera ndithu, tisanamizane. Ndi mlandu umodzimodzi ndi kulowa ndi likasa m'mayeso kapena kulipira wa fourth year kuti akulembereni. Malikisi aja amaperekedwa kuti aonetse zomwe inuyo mukudziwa, nde ngati yaganiza ndi kompyuta ndekuti malikisiwo akunama za inu.

Ine muyeso wanga ndi umodzi. Tiyerekeze a lecturer akuitanani ku ofesi, foni ili m'thumba, atsegula tsamba lachitatu la ntchito yanu nkukufunsani kuti apa mumatanthauza chani, bwanji munasankha wolemba uyu osati uja, nambala iyi yachokera kuti. Ngati mungayankhe osachita chibwibwi, maganizowo ndi anu olo AI inakuthandizani penapake. Ngati mungakhale chete kumangoyang'ana pansi, si anu, olo munasintha mawu onse ndi manja anu.

Nanga zomwe ndingapange nayo popanda vuto ndi ziti?

Zilipo zambiri ndipo ine sindili m'gulu la anthu onena kuti AI ndi mdani. Mwatuluka m'kalasi ya statistics musanamve kuti p-value ndi chani, buku ku library lilipo limodzi ndipo wina analibwereka kale, ifunseni ikufotokozereni, mukapanda kumva ifunseninso mwa njira ina mpaka zilowe. Iuzeni izikufunsani mafunso a mutu womwe mukuwerenga inu muziyankha, iziti apa mwaphonya. Mwalemba kale draft yanu, iuzeni itsutsane nanu, ikuonetseni pomwe mfundo yanu yafooka, kenako mukonze nokha. Wa computer science code yake ikukana, afunse kuti error imeneyi ikutanthauza chani m'malo moti ndilembere pulogalamu yonse.

Pomwe anthu ambiri amatererekera ndi pa outline. Amati ndangoipempha mitu yokha, koma mitu ija nde maganizo enieni a essay, yemwe wasankha kuti choyamba ichi chachiwiri ichi wagwira kale theka la ntchito. Langizo langa ndi loti muyambe mwalemba outline yanu papepala, olo ikhale yokhotakhota, kenako nde muifunse ngati pali chomwe mwasiya. Ndipo ngati a lecturer ananena kuti pa ntchito iyi AI ayi, basi ndi ayi, ngakhale zomwe ndatchulazi.

Bwanji ma reference omwe ChatGPT inandipatsa sindikuwapeza pa Google Scholar?

Chifukwa kulibe. Inawapeka.

Chinthuchi sichipita pa shelefu kukatenga buku nkukuwerengerani. Chinadyetsedwa zolembedwa zankhaninkhani nkuphunzira kuti mawu akuti amakonda kutsatidwa ndi mawu akuti, ngati mmene kiyibodi ya foni imaloserera mawu otsatira mukamalemba meseji, kungoti ichi nchachikulu koopsa. Nde mukachipempha ma reference asanu a ulimi wamthirira ku Chikwawa, chimadziwa mmene reference imaonekera, dzina la munthu, chaka, mutu, dzina la journal, volume ndi masamba, nkuzilumikiza bwinobwino. Dzina likhoza kukhala la pulofesa weniweni, journal yeniyeni, koma pepalalo palibe analilembapo. Kafukufuku yemwe anatuluka mu Scientific Reports mu 2023 anapeza kuti pa ma reference omwe GPT-3.5, mtundu wakale wa ChatGPT, inapereka, 55 pa 100 alionse anali opeka, pomwe a GPT-4, mtundu wotsatira, anali 18 pa 100. Zatsopanozi zomwe zimafufuza pa intaneti zachepetsako vutoli koma silinathe, zimatha kukupatsani link yeniyeni koma mukatsegula mupeza kuti zomwe zikuti pepalalo likunena mulibemo.

Ndipo sizigwera ana asukulu okha. Mu 2023 ku New York maloya ena, pa mlandu wa munthu wina ndi kampani ya ndege ya Avianca, anapereka kukhoti zigamulo zakale 6 zoti woweruza atsatire, zonse zopekedwa ndi ChatGPT, ndipo mu June chaka chomwecho khoti linawalipiritsa $5,000. Anthu ophunzira, a zaka zambiri pa ntchito, anagwa chifukwa choti sanatsegule kuti aone.

Pa nkhani za kwathu nde muchenjere kawiri, poti zolembedwa za Malawi pa intaneti nzochepa mukayerekeza ndi za America kapena Britain, nde pomwe chinthuchi sichikudziwa chimangodzaza ndi zoganizira koma molimba mtima ngati chinaliko. Chikhoza kusakaniza FISP yomwe inayamba mu 2005 ndi AIP ya 2020, kapena kukufotokozerani nkhani za malo ngati kuti malamulo a malo a 2016 kulibe, kapena wa accounting kumuuza za msonkho wa ku America pomwe funso likufuna za MRA. Reference yomwe simunaitsegule nokha nkuwerenga isalowe mu ntchito yanu, basi.

Kodi a lecturer angadziwe kuti ndagwiritsa ntchito AI?

Nthawi zina ayi, ndipo sindikunamizani kuti aliyense amagwidwa. Ku University of Reading ku England ofufuza anatumiza mayankho olembedwa ndi GPT-4 m'maina a ophunzira ongopeka pa mayeso a psychology olembera kunyumba, ndipo zotsatira zomwe anatulutsa mu 2024 zinaonetsa kuti 94 pa 100 alionse anadutsa osazindikirika, pa avereji malikisi ake anali okwererapo kuposa a ophunzira enieni.

Koma lecturer yemwe amawerengadi ntchito za ana ake amaona zinthu. Ma reference osapezeka. Chizungu cha mu asayinimenti ndi cha mu test ya m'kalasi ngati anthu awiri osiyana. Anthu ambirimbiri m'kalasi imodzi ali ndi mitu yofanana, zitsanzo zofanana, poti onse anaponya funso limodzi m'chinthu chimodzi. Essay ya umphawi ku Malawi yopanda dzina la boma olo limodzi, yoti mukhoza kuchotsa Malawi nkuikapo Peru osasintha china chilichonse.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine kwenikweni ndi omwe sagwidwa. Namwino yemwe anadutsa pharmacology ndi ChatGPT adzakhala yekha usiku pa health centre ya kumudzi, netiweki kulibe, magetsi azima, mwana akukomoka, mlingo wa mankhwala ukufunika pompo. Injiniya adzasainira mlatho womwe anthu adzawolokepo nthawi ya dzinja, ndipo tonse tinaona zomwe Freddy anachita ndi milatho ya kummwera mu March 2023. Mphunzitsi adzaima kutsogolo kwa ana a Fomu 3 nkufunsidwa funso lomwe silili mu notsi. Digiri imakulowetsani pakhomo koma mkatimo amafuna mutu wanu, ndipo ovutika mukalephera amakhala anthu oti sanalakwe kanthu.

Ndinalemba ndekha koma Turnitin ikuti ndi AI, nditani?

Funso ili limandiwawa kwambiri chifukwa likugwera anthu osalakwa, makamaka ife amene Chizungu tinachiphunzira kusukulu.

Turnitin ndi pulogalamu yomwe masukulu amadutsitsamo ntchito za ophunzira pofufuza zokopera, ndipo choyamba musiyanitse zinthu ziwiri zomwe imatulutsa. Similarity score ndi yakale ija, imaonetsa kuti mawu anu akufanana ndi a pepala liti, ndipo a lecturer akhoza kutsegula pepalalo nkuyerekeza ndi maso awo. AI score ndi ina, Turnitin inaibweretsa mu April 2023, ndipo iyi ilibe pepala loti ikuonetseni kuti mwakopera apa, imangoganizira potengera mmene mawu anu akuyendera. Eni ake a Turnitin amanena okha kuti nambala imeneyi isakhale umboni wokhawo wolangira munthu.

Zida zimenezi zimayang'ana ngati mawu anu ndi osavuta kulosera. AI imakonda mawu omwe aliyense angayembekezere, ziganizo zotalika mofanana, nde munthu wolemba chimodzimodzi amaoneka ngati AI. Tsopano taganizani mmene tinaphunzirira composition ya MSCE, kuyamba ndi first and foremost, pakati furthermore ndi moreover, kumapeto in conclusion, mawu osamala oti tisalakwitse grammar. Kalembedwe komwe aphunzitsi athu anatipatsira malikisi nkomwe makinawa akukakayikira. Ofufuza a ku Stanford University mu 2023 anatenga ma essay 91 a mayeso a Chizungu a TOEFL, olembedwa ndi anthu enieni omwe Chizungu si chiyankhulo chawo, nkuwadutsitsa mu zida 7 zofufuzira AI. Pa avereji 61 pa 100 alionse ananamiziridwa kuti ndi a AI, pomwe ma essay a ana a ku America pafupifupi onse anadutsa bwinobwino. OpenAI yeniyeniyo, eni ake ChatGPT, inatulutsa chida chake chofufuzira mu January 2023 nkuchitseka mu July chaka chomwecho poti chimalakwitsa kwambiri. Vanderbilt University ku America inazimitsa AI detector ya Turnitin mu August 2023, anawerengetsa kuti pa mapepala 75,000 omwe ophunzira awo anatumiza mu 2022, olo chidacho chizilakwitsa kamodzi pa 100, ndi mapepala 750 oti eni ake akanazengedwa mlandu wabodza. Pafupi pompa University of Cape Town inalengeza kuti kuyambira pa 1 October 2025 yasiya kugwiritsa ntchito AI score ya Turnitin.

Nde mukanamiziridwa musapse mtima ndipo musavomere mlandu womwe simunapalamule pofuna kuti nkhani ithe msanga. Pitani mwaulemu, muwauze kuti Sir kapena Madam, ntchitoyi ndinalemba ndekha ndipo ndili okonzeka kuti mundifunse chilichonse chomwe chili mmenemu. Tengani ma draft anu, notsi za pamanja, ma PDF omwe munawerenga, zithunzi za masamba a buku zomwe munajambula ku library. Ngati munalembera mu Google Docs tsegulani version history, imaonetsa tsiku ndi nthawi yomwe ndime iliyonse inalowa. Ngati mumalembera mu Word popanda intaneti, zolowerani kusunga fayilo yatsopano tsiku lililonse, draft 1, draft 2, osamangolemba pamwamba pa imodzimodzi, ndipo muzidzitumizira pa imelo. Zikakanika apo, funsani ndondomeko ya apilo kwa a Head of Department kapena a Dean, a students union akhoza kukuperekezani. Zonsezi zimatheka ngati munayamba kusunga umboni mavuto asanabwere, nde yambani semesita ino.

Kodi munthu akhoza kufunsa ChatGPT ngati ndi iyo inalemba essay inayake?

Ayi, siidziwa. Ikhoza kuvomera kapena kukana mwachisawawa. Mu May 2023 mphunzitsi wina ku Texas A&M University-Commerce anachita zimenezi ndi ntchito za kalasi yake, ChatGPT inavomera kuti inalemba, ophunzira omwe amamaliza sukulu anavutika kudziyeretsa. Yankho lotere si umboni.

Nanga ndikadutsitsa mu QuillBot kapena ma humanizer aja?

Izi ndi zida zosintha mawu kuti zolembedwa ndi AI zioneke ngati za munthu, koma ngati maganizo ndi a ChatGPT, kusintha mawu sikuwasandutsa anu. Ndipo mukagwidwa mlandu umakula, chifukwa zikuonetsa kuti mumadziwa kuti nkulakwa nde mumabisa dala. Komanso zida zimenezi zimaononga mawu a ukatswiri, zimasintha dzina lenileni la chinthu nkuikapo mawu ofanana nalo omwe palibe katswiri amawagwiritsa ntchito, a lecturer amangoona kamodzi nkudziwa.

Chomvetsa chisoni nchoti ena osalakwa ayamba kudutsitsa ntchito zawo zenizeni mu zida zimenezi poopa detector. Musatero chonde, mukudetsa ntchito yoyera ndipo mukudzichotsera umboni.

Chizungu changa nchovutirapo, kodi kuikonzetsa grammar nkulakwa?

Apa ndimamva chisoni ndi mbali zonse. Mwana wochokera ku CDSS yakumudzi yemwe Chizungu amangochimva m'kalasi akupikisana ndi wochokera ku sukulu yolipira yemwe amachiyankhula ndi kunyumba komwe, ndipo nthawi zambiri woyambayo mfundo ali nazo kungoti zikatuluka pa pepala zimakhala zopindika. Kukonzetsa spelling, ma comma, ma tense, ndi Word kapena Grammarly, ma lecturer ambiri alibe nako vuto, pokhapokha ngati kosiyo ikuyesa Chizungu chenichenicho monga Language and Communication Skills. Vuto limabwera mukaiuza kuti lembanso ndime iyi imveke ya academic, poti imasintha chilichonse, imaonjezera mfundo zomwe simunaganize, ndipo zotulukazo nde zomwe detector imagwira.

Njira yabwino ndi iyi, iuzeni kuti isalembenso koma ingokuonetsani zolakwika ndi chifukwa chake, inu mukonze nokha. Zimatenga nthawi inde, koma pakutha pa semesita mudzaona kuti zolakwika zija mwasiya kuzibwereza, pomwe wongomata uja chaka chachinayi chidzamupeza ndi Chizungu cha chaka choyamba, ndipo mayeso a mu holo salola foni.

Ena amalemba m'Chichewa kaye nkumasulira ndi Google Translate, yomwe ili ndi Chichewa kuyambira 2014. Kuganiza m'chiyankhulo chanu nkwabwino, koma kumasulira kwa makina funsani kaye a lecturer, ndipo sungani za Chichewa zija ngati umboni.

Aliyense m'kalasi mwathu akutero, ine ndikapanda kutero sinditsalira?

Kuti ambiri akuigwiritsa ntchito nzoona. Ku Britain bungwe la HEPI linafunsa ophunzira mu kafukufuku yemwe anatuluka mu February 2025, ndipo 92 pa 100 anati amagwiritsa ntchito AI mwa njira ina yake, chaka cha m'mbuyo mwake anali 66. Koma kugwiritsa ntchito ndi kubera nzosiyana, ambiri mwa iwo amaifunsa kuti iwafotokozere mfundo kapena kuwafupikitsira nkhani yaitali. Nyuzipepala ya The Guardian inapeza milandu yotsimikizika pafupifupi 7,000 ya kubera ndi AI m'ma yunivesite a ku Britain mu chaka cha maphunziro cha 2023 mpaka 2024.

Zimawawa kuona mnzanu yemwe anatha asayinimenti mu mphindi khumi akupeza 75 inu amene munagona ku library mwapeza 62, sindikukana. Koma continuous assessment ndi gawo chabe, mayeso omaliza mumalemba ndi cholembera, ndipo asayinimenti ija inali yokukonzekeretsani mayeso omwewo. Wongomata amafika mu holo mutu uli mbee, mapeto ake ndi sapu kapena kubwereza.

Palinso china. Kubera kukachuluka pepala la aliyense limatsika mtengo, la wobera ndi la wosabera lomwe. Tikukumbuka 2020 pomwe mayeso a MSCE anabedwa, MANEB inawathetsa mu November ana ali mkati molemba, onse analembanso mu January 2021, olakwa ndi osalakwa omwe. Olemba ntchito akayamba kukayikira digiri ya sukulu yanu safunsa kuti inu munali mbali iti.

Pa group work mnzathu wabweretsa gawo lake la ChatGPT, titani?

Dzina lanu lili pachikuto nde mlandu ukabwera ukhudza nonse. Musadikire usiku womaliza kuti mulumikize zigawo. Gwirizanani poyamba penipeni kuti AI tiigwiritsa ntchito motani, aliyense abweretse ma PDF a ma reference ake, ndipo musanapereke aliyense afotokozere gulu gawo lake pakamwa. Yemwe walephera kufotokoza akalembenso. Akakana, auzeni a lecturer ntchito isanaperekedwe, ndi bwino kudana sabata imodzi kusiyana nkulowa nonse ku disciplinary.

Ndili pa dissertation, ndingaigwiritse ntchito pa data?

Apa pali zinthu ziwiri ndipo zonse nzazikulu kuposa nkhani ya essay.

Choyamba ndi kupeka data. Ndalama ya thiransipoti yopitira ku field yatha, ma questionnaire munafuna 100 mwapeza 40, nde wina akuti ingouza ChatGPT ikudzazire otsalawo. Uku nde kulakwa kwakukulu kuposa kwina kulikonse mu kafukufuku. Dissertation imakhala mu library, wina adzaiwerenga nkuitchula mu yake, bungwe lina lidzatenga manambala anu nkupangira pulani ya mudzi weniweni. Pitani kwa supervisor mukanene zoona kuti ndapeza 40, pali njira zovomerezeka zolembera kafukufuku wa anthu ochepa nkufotokoza malire ake.

Chachiwiri ndi chinsinsi cha anthu omwe munawafunsa. Munawalonjeza pa consent form kuti zomwe anena sizipita kwina, ndipo komiti ya ethics, kaya ndi COMREC kaya UNIMAREC kaya ya sukulu yanu, inakulolani pa lonjezo limenelo. Mukatenga ma interview a amayi omwe akumwa ma ARV, muli maina, midzi, zaka, nkuwaponya mu ChatGPT kuti ikupezereni ma theme, mwawatumiza ku makompyuta a kampani ya kunja omwe simukuwalamulira, ndipo pa akaunti yaulere zomwe mwalemba zikhoza kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa makinawo ngati simunazimitse mu settings. Malawi ilinso ndi Data Protection Act ya 2024. Amayi aja anakukhulupirirani inuyo, sanavomere zoti nkhani yawo ipite kwina. Kufunsa kuti test iyi mu SPSS, pulogalamu ya statistics ija, ndiipanga bwanji kapena output iyi ndiiwerenga bwanji palibe vuto, bola musaikemo za anthu, ndipo supervisor adziwe.

Ndikaigwiritsa ntchito mololedwa, ndinene kapena ndingokhala chete?

Nenani. Ziganizo ziwiri kapena zitatu kumapeto kwa ntchito kapena mu methodology zikwana, chida chanji, tsiku liti, munachipempha chani, ndipo zotulukazo munapanga nazo chani. Sungani ma chat aja osawafufuta. APA, imodzi mwa njira zolembera ma reference, ili ndi kalembedwe kotchulira ChatGPT kuyambira 2023 ngati sukulu yanu imatsatira APA. Koma musaiike ngati gwero la mfundo, zoti malinga ndi ChatGPT chiwerengero cha anthu ku Mzimba ndi chakuti ayi, pitani ku lipoti la NSO, ofesi ya boma yowerengera anthu. Ma journal akuluakulu ngati Nature ndi Science ananena kale mu January 2023 kuti ChatGPT singalembedwe ngati mlembi wa pepala, chifukwa chake nchoti singayankhe mlandu zikapezeka zabodza. Woyankha ndi inu.

Ena amaopa kuti ndikanena andichotsera malikisi. Nchifukwa chake kufunsa kumayenera kuchitika ntchito isanayambe, m'kalasi pamaso pa onse kapena kudzera kwa class rep, kuti yankho likhale limodzi kwa aliyense ndipo likhale lolembedwa.

Ndine lecturer, kalasi yanga ndi ya anthu mazanamazana, nditani?

Ntchito yanu ndi yolemetsa ndipo palibe angayembekezere kuti muitane mwana aliyense ku ofesi. Koma pempho langa loyamba ndi loti musalange munthu ndi nambala ya detector yokha, mwaona mmene imalakwira ana athu. Lachiwiri, lembani pa asayinimenti iliyonse zomwe mukulola ndi zomwe simukulola, poti ana ambiri sakudziwa malire ndipo kosi iliyonse akumva zosiyana. University of Sydney ku Australia inagawa ntchito pawiri, zina zolembedwa moyang'aniridwa zomwe zimatsimikiza kuti munthu akudziwadi, zina zotseguka zomwe AI imaloledwa ndipo mwana amaphunzira kuigwiritsa ntchito bwino. Nzotheka kuno popanda ndalama zambiri, ka test kakafupi m'kalasi kochokera pa asayinimenti yomwe apereka, kusankha anthu ochepa mwamaere kuti afotokoze ntchito yawo mphindi zisanu ndipo onse adziwiretu kuti maere akhoza kugwera aliyense, mafunso ofuna kuti mwana apite pa msika wa pafupi kapena ku khonsolo akaone ndi maso, kupempha draft pakati pa semesita. Mukumbukirenso kuti ana sali pofanana, wina akulipira $20 pamwezi ya ChatGPT Plus, wina akudikira wifi ya pa campus usiku ndi foni yobwereka, nde ntchito yomwe ikufuna AI iganizire onsewa. Ndipo ngati inunso mwaigwiritsa ntchito pokonza notsi kapena mafunso, auzeni, ana amatengera zomwe akuona.

Chilango chake chimakhala chotani ndikapezeka wolakwa?

Chimasiyana sukulu ndi sukulu komanso kukula kwa mlandu, kuyambira ziro pa ntchitoyo, kulephera kosi yonse, kuimitsidwa, mpaka kuchotsedwa. Zili mu student handbook kapena malamulo a mayeso a sukulu yanu. Fizi yomwe makolo anagulitsira soya kapena mbuzi siibwerera. Ndipo nkhani siithera pa graduation, yunivesite ikhoza kulanda digiri patapita zaka. Ku Germany mu 2011 University of Bayreuth inalanda udokotala wa Karl-Theodor zu Guttenberg chifukwa chokopera, ndipo anatula pansi udindo wa nduna ya zachitetezo.

Ndinapereka kale ntchito yomwe inalembedwa ndi AI, pano mtima sukukhazikika, ndipange chani?

Ngati siinachongedwe, pitani kwa a lecturer nokha asanakuitaneni, muwauze zomwe munachita ndipo mupemphe ngati nkotheka kuichotsa mulembe ina olo akudulani malikisi. Sindingakulonjezeni kuti akhululuka, koma wobwera yekha nkhani yake imamveka mosiyana ndi wogwidwa yemwe akukanabe. Ngati mukuopa kupita nokha, yambirani kwa academic advisor kapena a Dean of Students. Ngati mwaitanidwa kale, musapeke ma draft abodza usiku umodzi, masiku a mafayilo amaoneka ndipo mudzakhala ndi milandu iwiri. Nenani zomwe zinachitika, kaya munadwala, kaya kunali maliro, kaya ma deadline anaunjikana sabata imodzi, komiti imamva zimenezo. Kenako mutu womwe munaudumphawo mubwerere mukauwerenge mayeso asanafike, ndipo ulendo wina nthawi ikakutherani pemphani extension tsiku lisanakwane, ma lecturer ambiri amapereka munthu akapempha msanga ndi chifukwa chomveka.